Chithunzi chakale cha oimba jazi: timadziwa bwanji kuti uyu ndi ndani?

Funso: Ndimakonda jazi wakale, ndipo pa Facebook ndimatsatira masamba amene amaika zithunzi za oimba oyambirira a ku New Orleans. Chondizunguza mutu n'chakuti chithunzi chimodzimodzi cha amuna asanu ndi mmodzi, tsamba lina limati ndi cha 1895, lina limati 1905, ndipo pena chimaoneka chotembenuka. Kodi ofufuza amadziwa bwanji zoona? Ndikufunsa chifukwa m'sutikesi ya malemu agogo anga aamuna, amene anakagwira ntchito ku Joni, tapezamo chithunzi chawo ali ndi anzawo anayi, iwo atanyamula gitala. Kumbuyo kuli chidindo chofufutika basi. Ndiyambire pati? (Mphunzitsi, Balaka)

Aphunzitsi, chithunzi mukunenacho ndachizindikira ngakhale simunatchule dzina. Ndi cha bandi ya Buddy Bolden, ndipo musadzione ngati mbuli, chifukwa chakanganitsa anthu ophunzira kwa zaka zoposa 80. Ndiyambira pomwepo, poti mavuto onse a ntchito imeneyi ali m'kachithunzi kameneka, kenako tidzafika kwa agogo anu.

Bolden anabadwira ku New Orleans, mzinda wa m'chigawo cha Louisiana ku America, mu 1877. Ankaliza lipenga laling'ono lotchedwa cornet, ndipo ambiri amamutenga ngati mtsogoleri woyamba wa bandi yoimba nyimbo zimene pambuyo pake zinadzatchedwa jazi. Mu 1907 mutu unasokonekera, anamutengera kuchipatala cha boma cha odwala misala ku Jackson, ku Louisiana konko, ndipo anamwalirira komweko mu 1931. Palibe chimbale chake ngakhale chimodzi chimene chinapezeka. Munthu amene amati lipenga lake linkamveka kutali kwambiri, ife lero sitingamumve. Chimene tili nacho cha bandi yake ndi chithunzicho: amuna anayi ataimirira, awiri atakhala, mmodzi ali ndi besi, wina gitala, awiri maklarineti, wina trombone, Bolden ali ndi lipenga lake. Woimba ng'oma mulibe.

Chinatulukira m'buku lotchedwa Jazzmen mu 1939, Bolden atamwalira kale. Amene anachibwereketsa kwa olemba bukulo anali Willie Cornish, mwini trombone uja. Chenichenicho chinasowa, moti zonse zimene mukuziona pa intaneti ndi makope a makope. Apa ndi pamene pagona nkhani yotembenukayo. Mukachiyang'ana mbali imodzi, wa gitala ndi wa besi onse awiri akuoneka amanzere, zimene n'zokayikitsa m'bandi imodzi. Mukachitembenuza ngati pa kalilole, awiriwo akhala bwino, koma tsopano manja a anzawo oliza zapakamwa ndi amene aoneka achilendo. Anthu akhala akuchiunika ndi magalasi okulitsa zinthu, kuyang'ana mbali imene majekete amangira mabatani (jekete la mwamuna, mbali yakumanzere imakwera pamwamba pa yakumanja), kuyang'ana mmene zitsulo za pa klarineti zayalidwira, ngakhale mbali imene lipenga lapindikira. Ena amati mwina chinajambulidwa pa kachitsulo kopyapyala, njira yakale imene imatulutsa chithunzi chotembenuka kale. Ena amati wojambulayo ndiye anawauza kugwira zoimbira mwanjira imeneyo kuti chithunzi chikongole. Mmodzi mwa amene analembapo za mkanganowu, mu 2009, ndi Gerhard Kubik, yemwe uja anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre mu 1967 n'kukhala zaka zambiri akulemba ndi kujambula nyimbo zawo. Dziko ndi laling'ono ndithu.

Tsono za chaka. Chithunzi sichinena chaka chake. Chimene mumawerenga pansi pake ndi mawu a munthu wina, amene mwina analipo, mwina anangomva, mwina anangopeka. Choyamba chimene wofufuza amaphunzira ndi kulekanitsa ziwirizi: chithunzi ndi umboni umodzi, mawu a pansi pake ndi umboni winanso, ndipo wachiwiriwu uyenera kufunsidwa kuti wachokera kwa yani. Zambiri zimene olemba a mu 1939 anamva zokhudza Bolden zinachokera kwa woimba wina wachikulire, Bunk Johnson, amene ankati anaimba naye cha m'ma 1895. Pambuyo pake zinadziwika kuti mkuluyu ankadziwonjezera zaka, ndipo podzikokera kumbuyo anakokeranso mbiri yonse kumbuyo. Sindimuda. Nkhalamba yopanda mano, yogwira ntchito yakalavulagaga, mwadzidzidzi azungu a zolembera akuifunafuna, ndani sangathire kamchere?

Amene anakonza zinthu ndi Donald Marquis, m'buku lake la 1978 lofufuza moyo wa Bolden. Iye sanadalire zokamba za m'mabala. Anapita kukafukula zikalata za ubatizo ndi za ukwati, mabuku a apolisi olembamo omangidwa, kaundula wa chipatala, ndiponso mabuku amene ankatuluka chaka ndi chaka osonyeza dzina la munthu aliyense wa mumzinda, ntchito yake ndi nyumba imene akukhala. Anapeza kuti nkhani yakuti Bolden anali wometa anthu ilibe umboni, nkhani yakuti ankasindikiza kanyuzipepala ka miseche ilibenso umboni, ndipo chithunzicho chikugwirizana ndi cha m'ma 1905. Mu 1895 Bolden anali mnyamata wa zaka 17 kapena 18. Choncho tsamba limene likuti 1905 ndi limene lili pafupi ndi zoona, komabe mawu oyenera ndi akuti "cha m'ma 1905". Aliyense wokupatsani chaka chenicheni mopanda chikaiko, mufunseni kumene wachitenga.

Musadabwe ndi zimenezi. Louis Armstrong amene, munthu wodziwika dziko lonse, moyo wake wonse ankati anabadwa pa 4 July 1900. Atamwalira, wofufuza wina, Tad Jones, anapeza buku la ubatizo la kutchalitchi losonyeza 4 August 1901. Ndiye mukaona chithunzi chotchuka chija cha Armstrong ali kamnyamata m'bandi ya kunyumba yosungira ana opulupudza, kumene anamutsekera kuyambira kumayambiriro kwa 1913, zaka zimene mumupatse zidalira pepala limene mwakhulupirira.

Pamene zikalata palibe, chithunzicho chimafunsidwa ngati chinthu chogwirika. Ine ndikapatsidwa chithunzi chakale, ndimayamba ndachigadabuza, nkhope ndimaziona pambuyo. Zithunzi zambiri za mabandi a nthawi imeneyo zinkatsukidwa pa pepala la positikhadi. Ku America, mzere wogawa kumbuyo kwa positikhadi pawiri, mbali ina uthenga mbali ina keyala, unaloledwa mu 1907, kotero khadi lokhala ndi mzerewo silingakhale la 1903. Kabokosi komatapo sitampu kamakhala ndi zizindikiro za kampani yopanga pepalalo, ndipo zizindikirozo zinkasintha pakapita zaka. Chidindo cha situdiyo ndiye chuma chenicheni: mukadziwa dzina la wojambula ndi msewu wake, mumapita m'mabuku a mzinda aja n'kuona zaka zimene anali pa keyala imeneyo. Mwina mupeza kuti anakhalapo zaka zinayi zokha, basi mwachitsekera chithunzicho m'zaka zinayi.

Kutsogolo nakonso kumayankhula. Pa ng'oma yaikulu nthawi zambiri pankalembedwa dzina la bandi ndi penti. Zoimbira nazo zili ndi nyengo zake: mabandi oyambirira a ku New Orleans ankagwiritsa ntchito gitala ndi besi ya zingwe, banjo inadzafala cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1910, trombone ya mabatani, ngati ya Cornish, inasiyira malo ija yokoka ndi kukankha, cornet inagonja kwa lipenga lalitali la trumpet chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Kolala ya malaya, chipewa, galimoto yoima kumbuyo, chikwangwani cha sitolo. Chilichonse pachokha sichikwanira, koma zinayi zikaloza kumodzi, mumayamba kupuma bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali china chimene ndimafuna anthu okonda zithunzizi achimvetse, chifukwa chimasintha mmene timazionera. Zithunzi zambiri za jazi woyambirira sizinajambulidwe pamene jazi ankaimbidwa. Nyimbozi zinkaimbidwa usiku, m'maholo a mdima, odzaza utsi wa fodya ndi thukuta la ovina. Makamera a nthawiyo ankafuna kuwala kochuluka ndiponso kuti munthu akhale duu. Fulashi inali ufa woyaka umene unkaphulika n'kudzaza utsi m'chipinda, woopsanso pa nyumba ya matabwa. Ndiponso ndani akanalipira wojambula kuti akajambule dansi ya anthu osauka akuda Loweruka usiku? Ndiye zimene zinatsala ndi za m'situdiyo, zimene bandi inalipira yokha kuti ipezere ntchito, aliyense atasita suti, nkhope ili gwa. Izi ndi zithunzi za malonda. Zimatiuza mmene oimbawo ankafunira kuti awaone.

Taonani chija cha bandi ya King Oliver, chojambulidwa m'situdiyo ku Chicago mu 1923. Lil Hardin ali pa piyano, Johnny Dodds ali ndi klarineti, mng'ono wake Baby Dodds ali pa ng'oma, ndipo kutsogolo Armstrong wagwada pansi akuliza lipenga lokoka. Wosadziwa angati chimenecho ndiye chinali choimbira chake, pomwe ntchito yake m'bandimo inali ya cornet yachiwiri, kumbuyo kwa Oliver. Zimbale zawo, zimene anayamba kujambula mu April 1923 ku Richmond, ku Indiana, nazonso zimanama mwa njira yakeyake: makina ojambulira mawu a nthawiyo sankapirira kugunda kwamphamvu, moti Baby Dodds amamveka kwambiri akugogoda timatabwa m'malo mwa ng'oma zake zonse. Chithunzi chikuonetsa ng'oma zimene chimbale chabisa, chimbale chikumveketsa lipenga limene chithunzi chasokoneza. Mmene bandiyo inkamvekera ku holo ya Lincoln Gardens, pa 31st Street ku Chicago, kumene inkaimba usiku uliwonse, timadalira zokumbukira za amene anavinako.

Pena chithunzi ndi chimene chimapulumutsa mbiri. Chimbale choyamba cha jazi chinajambulidwa mu February 1917 ndi Original Dixieland Jass Band, anyamata achizungu, ndipo mtsogoleri wawo mpaka ukalamba ankati jazi anayambitsa ndi iwo. Koma pali zithunzi ndi zidziwitso za m'nyuzipepala za Creole Band, oimba akuda a ku New Orleans okhala ndi Freddie Keppard pa cornet, akuzungulira mabwalo a zisudzo a m'America kuyambira 1914. Bandi imeneyo sinasiye chimbale. Pakanapanda mapepala amenewa, bwenzi wa chimbale atawina mlandu.

Za malo oimbira ndiye zovuta kuposa za anthu, chifukwa ambiri anagwetsedwa. Union Sons Hall ya pa Perdido Street, imene anthu ankaitcha Funky Butt, kumene Bolden ankaimba usiku mpaka mbandakucha ndipo Lamlungu m'mawa anthu ankapempheramo, kulibenso. Dera lonselo analisalaza pomanga maofesi a boma. Storyville, dera la mahule lovomerezeka ndi lamulo kuyambira 1897 mpaka 1917, analiphwasula cha m'ma 1940 pomanga nyumba za boma zogona anthu, ndipo Mahogany Hall, nyumba yotchuka ya Lulu White, inagwetsedwa mu 1949. Zithunzi zodziwika kwambiri za m'kati mwa Storyville ndi za E. J. Bellocq, za cha m'ma 1912, zojambulidwa pa magalasi, ndipo ndi za akazi a kumeneko, si za oimba. Ngakhale posachedwapa, mu August 2021, mphepo ya mkuntho ya Ida inagwetsa nyumba ya sitolo ya banja la Karnofsky pa South Rampart Street, banja limene Armstrong ankaligwirira ganyu ali mwana.

Ndiye ofufuza amatani? Amagwiritsa ntchito chinthu chimene palibe ankaganiza kuti chidzathandiza oimba: mapu a inshuwalansi ya moto, a kampani ya Sanborn. Mapu amenewa ankajambula nyumba iliyonse mumzinda, kukula kwake, nsanjika zake, ntchito yake, ya njerwa ankaipaka kofiirira, ya matabwa kachikasu. Mukakhala ndi chithunzi cha bandi itaima pakhomo pa holo yosadziwika, mumawerenga mawindo, mumaona ngati ili pa mphambano, nyumba yoyandikana nayo ndi yotani, kenako mumasakasaka pa mapu a zaka zimenezo. Misampha iliponso. Mayina a misewu amasintha: Basin Street anaisintha kukhala North Saratoga Storyville itatsekedwa, dzina lakale linadzabwerera m'zaka za m'ma 1940. Chicago inasintha manambala a nyumba mu 1909. Maholo nawo ankasintha mayina mwini akasintha; Lincoln Gardens ija poyamba inali Royal Gardens. Munthu wosasamala amalemba malo amodzi ngati awiri.

Zonsezi sizikanatheka pakanapanda anthu amene anathamanga nkhalamba zisanathe. Mu 1958, ku yunivesite ya Tulane ku New Orleans, anakhazikitsa nkhokwe ya za jazi imene lero imatchedwa Hogan. William Russell ndi Richard Allen ankayenda ndi tepi rekoda m'makomo mwa oimba akale, kucheza nawo maola ambiri, kuwafunsa za anzawo, za mabandi, za maholo. Mayina ambiri amene mumawaona pansi pa zithunzi lero anachokera m'macheza ngati amenewo. Ngati mukufuna kuona kusiyana kwa chithunzi cholongosoka ndi cha pa Facebook, fufuzani zithunzi za William Gottlieb pa tsamba la Library of Congress. Anazijambula pakati pa 1938 ndi 1948, zilipo pafupifupi 1,600, ndipo kuyambira 2010 aliyense angazigwiritse ntchito mwaulere. Iyeyu anali mtolankhani, filimu ndi mababu a fulashi zinali zodula, moti pa munthu mmodzi ankajambula kangapo kokha. Zambiri zili ndi dzina, malo ndi mwezi, ndipo pamene osunga sakutsimikiza amalemba poyera kuti n'zongoyerekeza. Nthawi yake makamera anali atalowa m'makalabu, n'chifukwa chake 52nd Street ya ku New York, msewu wa makalabu a jazi, timaidziwa ndi maso, pomwe Perdido Street timaidziwa ndi makutu okha.

Tsopano agogo anu. Ndikuyankhani mosapsatira, mundikhululukire. Gitala m'manja si umboni woti ankaimba. Masitudiyo a m'malokeshoni a ku Joni, monganso a kuno kwathu, ankasunga zinthu zobwereketsa: gitala, wailesi, telefoni yosalumikizidwa, chipewa, ngakhale jekete. Munthu wa ku migodi ankafuna kutumiza kumudzi chithunzi chosonyeza kuti zikuyenda. Yang'anitsitsani dzanja lawo lakumanzere. Ngati zala zapindika n'kukhala pa zingwe mwadongosolo, mwina ankaidziwa. Ngati dzanja langofumbatira khosi la gitala ngati mpini wa khasu, kayikirani. Zingwe zilipo zonse? Anzawo anayiwo anyamula chiyani? Ngati pali zoimbira zogwirizana, monga banjo, ng'oma, kachitoliro ka kwela kapena saxophone, ndipo avala mofanana, ndiye kuti mwina inalidi bandi. Kumbuyo kwawo kuli nsalu yojambulidwa maluwa ndi nsanamira, kapena khoma lenileni la komponi kapena holo?

Ngati inali bandi, mbiri ya jazi ya kumeneko ili ndi bala lomwelo la New Orleans. Marabi, nyimbo za m'mashabini a Johannesburg m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, zinasiya zithunzi ndi zimbale zochepa kwambiri. Mabandi a masuti monga Merry Blackbirds ndi Jazz Maniacs ndi amene ankatuluka m'nyuzipepala ngati Bantu World. Zithunzi zambiri zimene timadziwa zinayamba ndi magazini ya Drum mu 1951, ndi ojambula monga Jürgen Schadeberg, Bob Gosani ndi Peter Magubane, ndipo anajambula dera la Sophiatown ku Johannesburg nthawi itatsala pang'ono, chifukwa kuyambira February 1955 boma la tsankho linayamba kusamutsa anthu ndi kuligumula. Oimba osatchuka, makamaka alendo ochokera ku Nyasaland, mwayi woti muwapeza m'magazini ndi wochepa. Mbiri yawo ili m'masutikesi ngati yanuyo.

Choncho sutikesiyo musaitaye, ndipo musabalalitse zimene zilimo. Pasi, kontirakiti ya Wenela, makalata okhala ndi chidindo cha positi, kabuku ka ku banki, zonsezi n'zimene zingakuuzeni zaka zimene anali kumeneko ndi mgodi kapena lokeshoni imene ankakhala. Chithunzicho musachimate pulasitiki ya moto. Ndinaonapo cha banja lina chimene anachipititsa kokamatitsa poganiza kuti akuchiteteza, ndipo patapita zaka zochepa nkhope zinasuluka, pulasitikiyo osathekanso kuichotsa. Musalembe kumbuyo ndi bolopeni, musaike selotepi kapena guluu, musachipachike pa khoma lofika dzuwa kapena chinyezi, ndipo chiswe ndi mphemvu mukuzidziwa nokha. Kachisikaneni mbali zonse ziwiri pa 600 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa sikani), ndi mitundu yake ngakhale chili chakuda ndi choyera, m'mphepete monse muoneke. Mapulogalamu a pafoni amene amati amawalitsa nkhope ndi kupaka mitundu muwapewe pa kope yosunga. Pamene sakuona bwino amapeka maso ndi mano, mapeto ake mudzakhala ndi nkhope ya munthu amene sanakhaleko.

Chofulumira kuposa zonse ndi anthu. Tsukitsani kope yaikulu, mupite nayo kwa alongo awo ngati alipo, kwa agogo aakazi, kwa madala a m'mudzimo amene anapitako ku Joni nthawi imodzi. Muwaone mmodzimmodzi, osati pagulu, chifukwa pagulu wamkulu akatchula dzina ena onse amangovomera. Musawayambire ndi kuti "Kodi awa si a Uje?" Apatseni chithunzicho, mukhale chete, foni ikujambula mawu. Pambuyo pake mulembe m'kope kuti dzina ili anatchula ndani, tsiku liti, ndipo anamuona yekha munthuyo kapena anangomva. Anthu awiri osakumana akatchula dzina limodzi, mwapeza kanthu. Akasiyana, lembani onse awiri, musasankhe amene wakusangalatsani. Muwafunsenso ngati agogowo anabwera nayo gitala pobwerera, ndi nyimbo imene ankakonda kuimba akamwa. Nthawi zambiri munthu amene waiwala dzina amakumbukira nyimbo.

Chidindo chofufutikacho musachitaye mtima. Usiku, muzimitse magetsi, muchigoneke chithunzicho chafufumimba patebulo, muunikire ndi tochi ya foni kuchokera m'mbali, tochiyo itatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza tebulo. Inki ikhoza kukhala itatha koma pepala limasunga mabande a pamene chidindo chinapsinja. Mujambule kangapo, mukusintha mbali imene kuwala kukuchokera. Ngakhale mutangowerenga zilembo zitatu za dzina la msewu, munditumizire pamodzi ndi zaka za pa kontirakiti, tione ngati situdiyoyo ingapezeke.